Njinga Yozima pa Mlatho

Zinali ziwiri, zitatsamira khoma la nyumba ya zidina ku Namwera, ndipo zonse zinali maliseche. Sindikunena mwachipongwe ayi. Njinga yamoto ikamatuluka m'sitolo imakhala itavala mapulasitiki m'mbali, kutsogolo ndi pansi pa chishalo, koma misewu ya kwathu imavula zonsezo chaka chisanathe. Izi zinali zitavulidwa kalekale. Thanki, injini, mawaya ndi tcheni, zonse zinali pambalambanda ngati mbuzi yosenda. Ina inali yofiira, ina yakuda. Ine ndinali nditakwera phiri lonse lija pa lole kuti ndidzasankhe imodzi.

Ndiyambe ndanena chimene ndinkaifunira njinga. Ababa anali atagwa ndi sitiroko chaka chapitacho, ali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Dzanja lamanzere ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono, koma mutu unatsala wonse, ndi lilime lomwe. Mwezi uliwonse ankayenera kukaonedwa ku chipatala chachikulu ku boma, pamene kwathu ndi kutsidya kwa Shire, msewu wa ku Makanjira, kupitirira Lungwena. Amene anauyendapo msewu umenewo akudziwa. Pa lole tinkawakweza anthu anayi, wina miyendo wina m'khwapa, n'kuwakhazika pa matumba a usipa, iwo akutukwana aliyense kuyambira dalaivala. Tsiku lina titatsika anandigwira malaya ndi dzanja labwino lija, nandiuza kuti zokwezedwa ngati katundu atopa nazo. Anati ndiwalonjeze chinthu chimodzi chokha: asadzafere ku chipatala, asadzafere m'njira, adzafere pakhomo pawo. Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zopanda mutu. Sanandisiye malaya mpaka ndinalonjeza.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti. Mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera ababa omwewo, ndipo pa nkhani ya injini sindimva za munthu. Zimenezi muzisunge, chifukwa ndi zimene zinandisankhira njinga.

Mwini wake anali bambo wachikulire wobadwira ku Mozambique, amene anabwera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo ndipo sanabwererenso. Ndinkawatchula kuti ambuje, monga timachitira kuno ndi achikulire. Anavala mkanjo woyera ndi mzuli, m'maso muli ng'ala, Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao. Anandiuza kuti yofiirayo ndi ya mwana wawo amene anapita ku Joni ndipo analamula kuti igulitsidwe. Yakudayo inali yawo, koma maso anali atawakaniza msewu. Mtengo unali umodzi.

Ndinayamba ndi yofiira. Nkhuku zinali zitagona pansi pake, ndinachita kuzipirikitsa. Kuponda kiki kamodzi kokha inalira, kulira koyera, kopanda chikhosomo. Ndinaizungulitsa pabwalo la mpira ndipo ndinaikonda, ndisaname. Koma chishalo chake chinali chachifupi, chopendekera kutsogolo, cha anyamata onyamula zibwenzi. Munthu wa dzanja limodzi sakanafika nacho ngakhale pa mjigo.

Yakudayo nkhuku sizinaiyandikire, ngakhale mthunzi wabwino unali kumeneko. Inali yakale, utoto wa pa thanki utatha ndi mawondo. Koma wina anali ataigwirira ntchito mwaluso. Chishalo anachitalikitsa. Kumbuyo anawotcherera chitsulo chotsamira, chofika m'mapewa, ngati cha mpando wa kutchalitchi. M'mbali munali tingowe tomangirira nsalu. Popondera wokwera anaika timatabwa tatikulu, tili ndi malamba a mphira olowetsamo mapazi. Zinali ngati munthu anawayeza ababa ndi tepi. Zinthu zitatu zokha zinandidabwitsa. Chishalo chinkanunkha lubani. Pokhala wokwera panali dzenje limodzi lakuya, lolunjika, pamene chishalo cha kabaza chimatha paliponse chifukwa anthu amasunthasuntha. Ndipo magalasi onse awiri oonera kumbuyo anali atachotsedwa, mabowo ake atatsekedwa ndi timitengo.

Ndinafunsa za magalasi. Ambuje anati pa ntchito yawo sankafuna kuona kumbuyo. Sindinafunse kuti inali ntchito yanji, ndinangoganiza kuti ndi kabaza monga aliyense. Ndinafunsa ngati ili ndi vuto. Anati lilipo limodzi, imazima pa mlatho. Ndinaseka mpaka kugwira bondo. Ndinawauza kuti injini sidziwa mlatho, imeneyo ndi kabuleta yakuda, munthu akachepetsa moto imatsamwa, ntchito ya theka la ola. Iwo sanaseke. Anandilangiza kuti nditenge yofiira, ndipo anabwerezanso.

Apa ine mtima unayamba kutentha. Ndinaganiza kuti yakudayo anailonjeza kale munthu wina, ine akufuna kundikankhira ya anyamata. Ndinawauza kuti ndikufuna yakuda, chifukwa ndizinyamulira bambo anga kuchokera ku chipatala. Anatembenuza nkhope, maso oyera aja akuyang'ana pambali pang'ono pa ine.

"Bambo anuwo ali moyo?"

Ndinatsala pang'ono kuiwala kuti ndi achikulire. Ndinawafunsa ngati kwawo amafunsa choncho munthu amene wabwera mwaulemu. Anapepesa, nati ngati ali moyo ndiye basi, nditenge yofiira. Ndinatenga yakuda, ndipo sindinatsanzike bwino.

Potsika phiri inayenda ngati madzi. Inali yolemera, yosadumphadumpha, yomvera dzanja. Koma pa kamlatho koyamba kumunsi kwa phiri, matayala atangogunda simenti, inangoti zii. Sinatsokomole, sinachenjeze. Ndinatsala ndikumva nyenje zokha ndi madzi pansi. Ndinaponda kiki kasanu, inalira, ndinapita. Pa mlatho wotsatira chimodzimodzi. Nditafika kunyumba ndinamasula kabuleta, kuitsuka ndi petulo, kusintha pulagi, kuona mawaya onse mmodzimmodzi. Kwathu, usanalowe m'mudzi, pali kamlatho ka matabwa pa kamtsinje kouma chilimwe, ndipo ukaima pamenepo umaona mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Ndinakayesa pamenepo. Ndinalowapo ndi moto wambiri, ndinalowapo ndi moto wochepa. Inazima ulendo uliwonse.

Ababa ataiona anandiuza kuti ndiwayandikizitse. Anasisita chitsulo chotsamira chija, ananunkhiza chala, nandiyang'anitsitsa. Kenako anati ndiwakhazikepo. Analowa m'dzenje lija ndendende. Anati chigwereni sanakhalepo pabwino chotere.

Tsiku la chipatala litafika, mlongo wanga, amene ankawasamalira pakhomo, anawamanga ndi zitenje ziwiri. Chimodzi chinadutsa pachifuwa n'kukakola pa tingowe, china chinatizungulira tonse awiri m'chiuno. Mapazi tinawalowetsa m'malamba. Chifukwa cha fumbi ndi dzuwa anawaveka chipewa chomangira pachibwano ndi magalasi akuda. Popita kunali m'mawa, anthu ochepa, ndipo ena amene tinakumana nawo ankangotembenuka n'kumatiyang'ana mpaka titapita. Zinachitika pobwerera, dzuwa lili paliwombo.

Titangotuluka pa geti ya chipatala, anthu a kabaza amene ankakangana pamenepo anakhala chete onse. Galimoto inatipatsa njira. Ine ndinati kapena ndi ulemu wa odwala. Titafika pa mlatho wa Shire njinga inazima pakati penipeni, ndipo ndili mkati moponda kiki ndinaona kuti mlatho wonse waima. Apanjinga zakapalasa anali atatsika. Amuna anavula zipewa. Amayi awiri anagwada m'mbali, mitolo ili pamutu. Ababa anali atatopa, mutu utagwera pamsana panga, ali phee. Mayi wina wogulitsa mango anayandikira ndi beseni lake, nandinong'oneza kuti pepani, mukupita nawo kutali? Ndisanayankhe, ababa anadzutsa mutu nafunsa kuti mangowo ndi okoma kapena ndi aja owawasa. Mayiyo anataya beseni. Mango ena anagubuduzikira mu Shire, iye akuthawa osacheuka.

Bambo wina wa njinga yakapalasa ndi amene anandimasulira, atayamba wawayang'anitsitsa ababa. Anati njinga iyi Mangochi yense wa kutsidya amaidziwa. Zaka zambiri inkaima kuseri kwa chipatala, pafupi ndi nyumba yachisoni. Mabanja amene analibe mphamvu yopezera galimoto ankapita kwa bambo wa mzuli uja, iye n'kumukhazika malemuyo pa chishalo, kumumanga zitenje ziwiri, kumuveka chipewa ndi magalasi akuda kuti ana m'njira asaope, n'kumupititsa kwawo. Ku Namwera, ku Malindi, mpaka ku Makanjira kwenikweniko. Anati sanaonepo munthu wokwera pamenepo akufunsa za mango.

Ndinamva dzenje lija, lubani uja, magalasi ochotsedwa aja, zonse zikulowa m'malo mwake. Ababa anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, chitenje chikundikoka m'mimba. Anati iwo anadziwa tsiku loyamba lomwe, fungo limenelo si la msika, ndipo ine ndi maphunziro anga a mainjini ndine mbuli. Njira yonse ya kwathu zinali zomwezo. Pa Lungwena amuna a pa bawo anaimirira, wina anazimitsa wailesi. Ine ndinkangowakalipira kuti ndi wamoyo uyu, valani zipewa zanuzo.

Sabata yomweyo ndinabwerera ku Namwera, mtima uli m'mwamba. Ababa anandiuza ndikunyamuka kuti ndikabwera ndi ina iwo sakwera, koma sindinawamvere. Ndinawapeza ambuje atakhala pa mkeka, yofiira ija ili pomwe ndinaisiya, nkhuku zili pansi pake. Ndinawalalatira kuti anandigulitsa chitanda cha matayala osandiuza. Anandisiya ndithe. Kenako anandikumbutsa modekha kuti anandiuza katatu kuti nditenge yofiira, ndipo anandifunsa funso limene ndinakwiya nalo. Zinali zoona, ndipo zinandipsetsa mtima kwambiri chifukwa zinali zoona.

Anandiuza mmene ankagwirira ntchito. Anati munthu amene wamwalira kutali ndi kwawo sumangomutenga ngati thumba, umamuuza njira. Makamaka pa madzi. Ukafika pa mlatho umachepetsa moto, n'kumutchulira dzina la mtsinjewo, kuti adziwe pamene ali ndipo asakane kuwoloka. Anati anthu ambiri amachita zimenezo galimoto ya maliro ikawonongeka, koma iwo sankadikira kuti iwonongeke. Ndinawafunsa kuti nanga kuzimaku kukubwera pati.

"Ndi amoyo imazima," anatero. "Ngakhale ndili ndekha inkazima. Koma ndi enawo, bola muwauze, sinandizimirepo ngakhale kamodzi."

Anati ngati ndikufuna kusintha ndisinthe, yofiira ndi iyo, palibe chowonjezera. Ndinaimanso pakati pa njinga ziwiri zija, monga tsiku loyamba. Ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo. Ndikanatha kutenga yofiira, n'kukaitalikitsa chishalo, n'kuwotcherera chitsulo changa. Inali ntchito ya masiku awiri, ndipo zipangizo ndinali nazo. Ndinaganizapo ndithu. Koma kutero kukanakhala kuvomera pamaso pa munthu wakhungu kuti ine, amene ndimadzutsa mainjini omira m'nyanja, ndathawa kanjinga chifukwa cha nkhani za akufa. Ndinawauza kuti vutolo ndi la magetsi, ndilipeza, ndipo ndidzabwera kudzawaonetsa. Anati Inshallah. Ndinakwera yakuda kachiwiri.

Sindinalipeze. Injini imeneyo ndinaimasula yonse kawiri, mpaka kuyala tizitsulo pa chiguduli. Ndinasintha koyilo, ndinasintha paipi ya mafuta, ndinabwereka kabuleta ya mnzanga. Pa mchenga inkayenda, pa matope inkayenda, pa chitunda inkakwera ndi anthu awiri osadandaula. Pa mlatho, zii. Nthawi zina inkadzuka ndi kiki imodzi, nthawi zina inkandisunga mpaka malaya atanyowa.

Ndinalakwitsa kuwafotokozera ababa zimene ambuje ananena. Kuyambira pamenepo analamula kuti nawonso ndiziwauza milatho. Ndinakana, ndinati ndi malodza. Anati ndizolowere akadali ndi makutu oti andikonze ndikalakwitsa. Pobwerera kwathu milatho imene tinkaiwerenga inali itatu: Shire, Lungwena, ndi ka matabwa kaja. Tikafika ankandigogoda m'nthiti mpaka ndinene. Ndinkanena mokwiya kuti ababa, pano ndi pa Shire. Njinga inkazima, iwo n'kuyankha kuti ndamva, sindine wakufa. Tinayenda choncho miyezi yambiri. Anthu a m'njira ena anazolowera, ena ayi, ndipo ababa anapeza masewera. Ankakhala phee mpaka munthu atavula chipewa, kenako n'kumukwezera dzanja. Masiku amenewo ndi amene ndinawaona akusangalala kwambiri chigwereni, ndipo inenso ndinkaseka, ngakhale kuseka kwake kunali ndi kanthu pansi.

Anadwalanso mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, nthawi imene ngakhale nyanja imaoneka yotopa. Ulendo uno chinali chifuwa, ndipo anawagoneka. Anthu a ku chipatala anayesetsa, zimenezo sindingawanamizire. Patapita masiku, dokotala ananditengera pakhonde nandiuza mosabisa kuti chotsala ndi kudikira. Nditabwerera pa bedi ndinapeza ababa akundiyang'ana. Mawu anali atatsala ochepa, koma dzanja labwino lija linapeza malaya anga, pamalo omwe aja. Ndinapita kukapempha kuti ndiwatenge.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Amayi awiri odikirira odwala anandithandiza kuwamanga. Ababa anali atapepuka ngati mtolo wa bango. Ndinawaveka chipewa ndi magalasi, ndinamanga chitenje cha m'chiuno mothina kuti ndizimva kupuma kwawo pamsana. Ndinawauza kuti agwire mtima, ola limodzi ndi theka tikhala tili pakhomo.

Pa Shire ndinawauza, njinga inazima, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaithokoza. Kumbuyo kunamveka kuti ndamva, motsitsa, mawu enawo sanawamalize. Inadzuka ndi kiki yachitatu. Ndinathamanga mmene msewu unkalolera, kuzemba maenje, kudutsa Malindi osayang'ana kumbali. Kunja kunali zii, anthu atabisala m'mithunzi, msewu ukunyezimira kutsogolo ngati pali madzi.

Pa Lungwena inazima, ndipo inakana. Ndinaponda kiki mpaka mwendo unayamba kunjenjemera. Kutsika sindikanatha, chifukwa tinali omangidwa pamodzi. Ndinatsegula ndi kutseka mafuta, ndinaipendeketsa, ndinaitukwana mayina onse amene ndimawadziwa. Anthu anatuluka m'mithunzi n'kuima patali, zipewa m'manja, palibe woyandikira. Ndinakuwa kuti ali moyo, bwerani mudzakankhe, mukuonerera chiyani? Anayang'anana kaye. Sindikudziwa kuti tinakhalapo nthawi yaitali bwanji, koma mthunzi wa chitsulo cha mlatho unasuntha ndikuuona. Amuna atatu atabwera kudzagwira kumbuyo, ndinamva milomo ya ababa ikuyenda pa malaya anga.

"Iwe, fulumirako."

Anatikankha, inalira. Kuchokera pamenepo ndinayenda mopenga. Msewu unali wa mabampu, njinga ikugwedezeka, ndipo kupuma kuja sindinkathanso kukusiyanitsa ndi kugunda kwa injini. Ndinafuna kucheuka koma mutu wawo unali utatsamira pakati pa mapewa anga. Ndinayang'ana pamene pakanakhala galasi, ndinaona kamtengo kotsekera bowo. Ndinkawalankhula njira yonse, za ukonde, za mlongo wanga, za mvula imene ikuchedwa. Sankayankha, koma ndinati ndi mphepo, sakundimva.

Kenako ndinaona mtengo wa mango wa pakhomo pathu, ndi kamlatho ka matabwa kali patsogolo. Ndinachepetsa moto. Ndinanena, ndipo ulendo uno sindinanene mokwiya.

"Ababa, pano ndi pa kamlatho ka kwathu."

Matayala anagunda matabwa. Ndinadikira kuti izime. Sinazime. Ndinatseka moto wonse, inapitiriza kulira pang'onopang'ono, mosalala, kulira kumene sindinakumvepo chiigulireni. Ndinaima pakati pa mlatho, ndinaponda pansi. Ndinaika giya yaikulu n'kusiya kilatchi mwadala, zimene zimazimitsa njinga iliyonse pa dziko lapansi. Inangogwedezeka pang'ono n'kuyamba kuyenda yokha, mofatsa, kutiwolotsa. Ndinawaitana kawiri. Nyenje zinkalira, ndipo pamsana panga panali polemera mwa mtundu wina.

Ndinalira pamenepo, pa njinga, ndikuyenda. Kuchokera pa kamlathoko kufika pakhomo ndi mtunda woti mayi wosenza ndowa sapumira. Ndinawauza zonse zimene tinkadutsa. Ndinati uwu ndi mjigo, ichi ndi tchalitchi, apa ndi pamene munkayanika ukonde. Anthu a m'mudzi mwathu, amene anali atazolowera masewera a ababa, ankatikwezera manja akumwetulira, kudikira kuti nawo akweze. Bambo mmodzi yekha wachikulire anayang'ana, navula chipewa. Sindinamukalipire.

Ndinapukuta nkhope ndisanakhote pa mtengo wa mango. Mlongo wanga anatuluka akuthamanga, anayamba kumasula zitenje, akuwauza kuti afika, awayalira kale pakhonde pamene amakonda. Thupi linali lofunda ndi dzuwa. Tinawanyamula awiri n'kuwagoneka pa mphasa, ndipo iye atawavula magalasi anayamba kulira. Pakati pa kulirako anandigwira dzanja nati ndachita bwino, ndawafikitsa, atsirizikira pakhomo pawo monga ankafunira, anangodikira kuti tiwatsitse. Anauza anthu onse choncho pa maliro, ndipo abusa anazinena m'ulaliki.

Sindinamukonze, ndipo mpaka lero sindinamuuze za kamlatho. Kwa ambuje sindinapiteko kukawaonetsa chilichonse. Masiku ena ndimawerengera nthawi imene tinataya pa Lungwena, n'kuiyika pa mtunda wa pakati pa kamlatho ndi khonde, ndipo imakwana n'kutsalako yambiri. Yofiira ija sinkazima pa mlatho. Ntchito yake inali ya masiku awiri.

Njingayo ndikadali nayo. Palibe angaigule kuno, ndipo ine sindinafunsepo munthu. Ndimapita nayo ku magombe kukakonza mainjini, mabokosi a zipangizo nditawamangirira pa chitsulo chotsamira chija. Imazimabe pa mlatho uliwonse, ndipo ndinasiya kuitukwana. Ndikamayandikira ka matabwa kaja ndili ndekha, ndimachepetsa moto n'kutchera khutu, ndipo mtima sukhala pansi mpaka itazima.